Kalata kwa achimwene a ku Leeds: masewero oseketsa akakhalitsa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tadzuka bwino, ndipo mayi miyendo ija yayamba kuwalola kufika kumunda.

Uthenga wanu wa mawu uja ndaumvetsera, ndipo ndaona kuti yankho lake silingakwane pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Mukuti mwamaliza kuoneranso The Office ya ku America, sewero loseketsa la pa TV la anthu a mu ofesi, masizoni omalizira sanakuseketseni, koma mukuganiza kuti vuto si sewerolo, vuto ndi ife oonera. Mwati tsabola wakale sawawa, lilime ndi limene lazolowera. Achimwene, apa ndiye sindikugwirizana nanu. Kukanakhala kuzolowera chabe, bwenzi sizoni yachiwiri ija, imene mwaionera kambirimbiri mpaka mumaloweza mawu ake, itasiya kalekale kukuseketsani. Koma inu nomwe mwanena kuti imeneyo munaseka nayo mpaka misozi. Gawo limene mukulidziwa kale likukuseketsani, gawo limene mwangoliona kamodzi likukusiyani duu. Ndiye kuti chasintha chili m'sewero momwemo.

Ambiri amaloza chaka cha 2011, pamene Steve Carell, amene ankasewera ngati Michael Scott, bwana wa ofesiyo, anachoka m'sizoni yachisanu ndi chiwiri, sewero n'kupitirira popanda iye mpaka 2013. N'zoona kuti ofesi ija inasanduka ina Michael Scott atachoka. Koma ine ndimaona kuti kutsika kunayamba iye akadalipo. Chimene chinkatikokera pa TV poyamba chinali Jim ndi Pam: mnyamata wokonda mtsikana yemwe ali pa chibwenzi ndi wina, akukhala moyang'anizana tsiku ndi tsiku, osatha kunena. Mtima unkakhala m'mwamba. Atakwatirana mu 2009 tonse tinasangalala, koma njala ija inathera pomwepo. Chaka chomwecho Greg Daniels ndi Michael Schur, amene anali m'gulu la mizati ya olemba, anali atayamba sewero lina, Parks and Recreation. Ife timaona nkhope zomwezo pa kanema, sitidziwa kuti m'chipinda cholemberamo mwalowa anthu ena.

Nkhani ya njalayi ndi imene ndikufuna muiganizire bwino, chifukwa kwa ine ndiyo gwero la zonse. Sewero loseketsa limaimira pa munthu wosowa kanthu kena, amene amayesa sabata ndi sabata koma osakapeza. Chitsanzo chabwino muli nacho pafupi kumeneko: Only Fools and Horses, la BBC, limene linayamba mu 1981. Del Boy ndi mng'ono wake Rodney ndi mavenda a ku Peckham, m'London, ogulitsa katundu wokayikitsa kuchokera m'sutikesi, okhala m'kafulati pamodzi ndi nkhalamba ya m'banja mwawo. Del amangolonjeza kuti chaka chamawa adzakhala ndi mamiliyoni. Aliyense amene anakhalapo pa msika wa Limbe kapena wa Lilongwe amudziwa munthu wotere, ndipo timamuseka tikumukonda, chifukwa tikudziwa kuti chaka chamawacho sichifika. Pa Khirisimasi ya 1996 wolemba wake John Sullivan anawapatsa chimene ankafuna. Anapeza wotchi yakale imene inali itangotayika m'galaja, ndipo itagulitsidwa inawapatsa mapaundi oposa 6 miliyoni. Anthu oposa 24 miliyoni anaonera gawo limenelo. Abale awiri aja anachoka ali olemera, ndipo nkhani inatha bwinobwino.

Kenako mu 2001 analibweretsanso. Nanga akanatani? Del wolemera saseketsa, choncho anayenera kumulanda chuma chonse kuti abwerere m'kafulati kaja. Wolemba anali yemweyo, ochita sewero omwewo, luso lawo silinapite kulikonse. Komabe oonera ambiri anamva kuti aberedwa, ndipo ine ndili nawo. Tinali titadikira zaka 15 kuti anthuwa apume, tinawaona akupuma, kenako wina n'kutiuza kuti tiyambirenso kudikira. Apa palibe za lilime lozolowera. Nkhani inali itafika kumapeto kwake, anthu n'kuikoka kuti ipitirire.

Chachiwiri chimene chimandipweteka ndi mmene anthu a m'sewero amafotera. Poyamba munthu amakhala wathunthu, ndi makhalidwe angapo otsutsana ngati mmene tilili ife. Olemba akaona kuti khalidwe limodzi ndi limene likuseketsa kwambiri, amalikuza chaka ndi chaka mpaka ena onse atafa. Joey wa mu Friends, sewero la abwenzi asanu ndi mmodzi, poyamba anali mnyamata wa m'tauni wosapita patali ndi sukulu, koma wochenjera pa zina ndiponso wokhulupirika kwa anzake. Pofika sizoni yakhumi, mnzake Phoebe akumuphunzitsa Chifalansa, munthu wamkulu akulephera kubwereza mawu atatu amene wangowamva kumene. Kevin wa mu The Office anayenda njira yomweyo: munthu wowerengera ndalama za kampani, n'kudzafika poti ukudabwa ngati amatha kuwerenga n'komwe. Ned Flanders wa mu The Simpsons anali neba wabwino mtima, wopemphera, amene zinthu zimamuyendera, ndipo nthabwala inali nsanje ya Homer, bambo wa banja la Simpson, pa iye. Patapita zaka anangotsala munthu wa chipembedzo chonyanyira, basi. Munthu wotere ungamuseke, koma sungamudere nkhawa, ndipo sewero limene mulibe womudera nkhawa umatha kulizimitsa pakati osamva kanthu.

The Simpsons ndiye chitsanzo chachikulu, poti inayamba mu 1989 ndipo yadutsa zaka 30 ikuulutsidwabe. Zidole zojambula sizikalamba, Bart mwana wa Homer akadali ndi zaka 10, choncho palibe chimene chimakakamiza eni ake kuima. Olemba a m'zaka zoyambirira, monga Conan O'Brien ndi Greg Daniels yemwe uja, anapita kukachita zina. Mu 1997 anatulutsa gawo lonena kuti Skinner, mphunzitsi wamkulu amene tinamudziwa zaka zonsezo, sanali Skinner weniweni koma munthu wina amene anatenga dzina la mnzake wa ku nkhondo. Olemba akafika pogwetsa nyumba imene anamanga okha kuti apeze nkhani ya sabata imodzi, dziwani kuti nkhani zawathera.

Ndipo zisawathere bwanji? Ku America sizoni imodzi inkakhala ndi magawo 22 kapena 24 pa chaka. Friends yokha ili ndi magawo 236. Ndi moyo wa anthu angati umene ungatulutse nkhani zoseketsa 236 popanda kubwereza? N'chifukwa chake mumaona ukwati, kenako mwana, kenako mlendo wotchuka, kenako ulendo wa kunja, mpaka kufika poyesa kupanga chibwenzi cha Joey ndi Rachel, chimene palibe amene anachikhulupirira.

Chimene chimawaletsa kuima ndi ndalama, palibenso china. Sewero likafika magawo pafupifupi 100 limagulitsidwa ku ma TV ena kuti azilibwereza tsiku ndi tsiku, ndipo gawo lililonse lowonjezera ndi phindu la zaka zambiri. M'masizoni omaliza a Friends, aliyense mwa anthu asanu ndi mmodzi aja ankalandira madola 1 miliyoni pa gawo limodzi. Two and a Half Men inachotsa Charlie Sheen mu 2011, sewero lonse litamangidwa pa iye, koma analowetsa Ashton Kutcher n'kupitiriza mpaka 2015. Sindikuwaweruza mwankhanza ayi. Kumbuyo kwa kamera kuli anthu ambirimbiri, ojambula, osoka zovala, okonza magetsi, amene sewero likatha ntchito yawo yatha. Koma tisanamizane kuti masizoni amenewo anapangidwa chifukwa panali nkhani yofunika kuinena.

N'chifukwa chake ndimalemekeza anthu amene anaima okha. Jerry Seinfeld anakana madola 5 miliyoni pa gawo amene ankafuna kumupatsa kuti apange sizoni yakhumi, sewero lake n'kutha mu 1998 likadali pamwamba. Fawlty Towers ili ndi magawo 12 okha, asanu ndi limodzi mu 1975 ndi ena asanu ndi limodzi mu 1979. The Office ya ku Britain, imene inabala ya ku America, nayo magawo 12 ndi ena awiri a Khirisimasi. Ndipo Mr. Bean uja timamuonera m'mabasi ndi m'mavidiyo shoo kuyambira tili anyamata, mukudziwa kuti ali ndi magawo 15 okha? Tamubwereza zaka zonsezi, ana athu akumusekanso, ndipo sanasuluke.

Pali pamene ndikuvomerezeni pang'ono. Kukhalitsa pakokha si matenda. Cheers, sewero la ku America la anthu a m'bala, inatha zaka 11, kuyambira 1982 mpaka 1993, ndipo inakhalabe yamphamvu. Koma taonani chifukwa chake. Nicholas Colasanto, mmodzi wa ochita sewerolo, atamwalira mu 1985 analowa Woody Harrelson, mnyamata wosiyana naye msinkhu. Shelley Long atachoka mu 1987 analowa Kirstie Alley, osati kudzatengera wochokayo koma ngati munthu wina, bwana watsopano wa bala ija, ndipo Sam mwini wake wakale anasanduka wantchito. Zochitika zinawakakamiza olemba kupeza njala yatsopano, m'malo mokama yakale ija. Komanso si kuti chiyambi chimakhala chabwino nthawi zonse. Sizoni yoyamba ya The Office ya ku America, ya magawo 6 ija, inali yongotsanzira ya ku Britain ndipo inali youma. Sewero limafuna chaka kapena ziwiri kuti lidzipeze, limakhala pa mphamvu zaka zingapo, kenako mafunso amene ndanenawa amayamba.

Ndalemba zambiri chifukwa masewerowa si achabe kwa ine, ndipo ndikudziwa kuti kwa inunso si achabe. Munandiuza nokha kuti m'nyengo yozizira yoyamba ija, mukuweruka usiku m'dziko la eni, anthu a mu The Office ndi amene ankakudikirani m'nyumba. Munthu amene wakusungani motero mumafuna asiyane nanu akadali ndi ulemu wake, osati atasanduka chitsiru choti anthu azingochiseka.

Ndiye chitani ichi: pezani Only Fools and Horses, kumeneko sivuta. Muonere kuyambira pachiyambi mpaka magawo atatu a Khirisimasi ya 1996. Mupume sabata imodzi, kenako muonere la 2001, ndipo mundiuze moona mtima ngati vuto lili pa lilime lanu. Ine kuno magawo ena a pakati akundisowa, anyamata oika mafilimu pa fulashi salidziwa n'komwe, choncho mukapeza ma DVD ake otchipa mundisungire mudzabwere nawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi akuti muwaimbire Lamulungu madzulo akabwera ku tchalitchi.

Ine mnzanu wa kalekale.