Dzino loguluka pa ngozi tisamalisiye m'fumbi

Akonzi,

Mwezi watha mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 19, adagwa pa njinga yamoto ya kabaza n'kumenyetsa nkhope pa tala. Anthu adathamanga, ena kumutseka bala ndi chitenje, ena kuimitsa galimoto, ndipo ndikuwathokoza. Koma mano ake awiri akutsogolo adatsala pomwepo m'fumbi. M'mawa mwake dokotala wa mano atafunsa kuti manowo ali kuti, tonse tidangoyang'anana.

Apo m'pamene ndidamva koyamba kuti dzino la munthu wamkulu likaguluka ndi muzu womwe limatha kubwezeredwa n'kugwiranso. Chachikulu n'chakuti muzuwo usaume. Ukakhala pouma kupitirira mphindi 60, mwayi woti dzino ligwire bwino umakhala wochepa kwambiri. Ndiye litoleni msanga pogwira kumutu kwake, muzu osaukhudza. Ngati lada litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka, osalipala kapena kulikwecha ndi sopo. Wovulalayo ngati akuzindikira bwino, libwezereni pamalo pake n'kumuuza alume kansalu koyera. Zikakanika, liikeni m'kapu ya mkaka. Mkaka ukasowa, alavulire malovu ake m'kabotolo n'kuponyamo dzinolo, basi ulendo wa kuchipatala. Madzi wamba ayi, amaononga muzu.

Kumeneko amalimangirira ndi kawaya ku mano oyandikana nalo kwa masabata ngati awiri, amaonanso ngati nsagwada yathyoka ndiponso ngati pakufunika jakisoni wa kafumbata. Dzino la ubwana lija lokha ndiye sitibwezera, lingapweteke linzake lomwe likudza pansi.

Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro a digiri yawo adangoyamba mu 2019 ku sukulu yomwe lero ndi yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS). Choncho woyamba kuona wovulala nthawi zambiri amakhala namwino kapena kiliniko ofesala wa pachipatala chaching'ono. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo uwakumbutse kuti akamasoka mlomo aziwerenganso mano, ndipo lina likasowa azifunsa komwe lapita, poti lina limatha kutsamwira m'chifuwa. Mabungwe a akabaza, aphunzitsi a masewero ndi mawayilesi nawonso afalitse uthengawu.

Mnyamata wathuyu mabala adapola, koma akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja. Pano tikusonkherana ndalama zoti akamuikire mano ochita kupanga.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre