Lipoti la Msonkhano wa ku Katoto: Kufunsa Eni Ntchito Tisanasankhe Kosi

A Tcheyamani, a komiti, ndi anzanga nonse a gulu lathu la achinyamata kuno ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, landirani moni.

Munandituma kuti ndikakuimireni ku msonkhano wa upangiri wa ntchito umene unachitika Loweruka ku Katoto. Ndinafika usanayambe, ndinachoka atatseka ndi pemphero, ndipo ndalama ya kabaza imene inatsala ndapereka kale kwa a Msungichuma. Lipotili ndalemba kuti inu amene mwapita kumudzi kukathandiza kukolola, ndi inu muli pa maganyu m'tauni, muwerengeretu pa foni tisanakumane Lamlungu.

Za m'mawa sindichedwapo, zambiri timazidziwa. Anatikumbutsa kuti wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo pamafunika makirediti 6 a MSCE, Chingerezi chili momwemo. Anatchula sukulu zimene zatizungulira: Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ku Luwinga, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, Yunivesite ya Livingstonia, makoleji a zaumoyo a St John's, St John of God ndi Ekwendeni, komanso Mzuzu Technical College kwa ofuna ntchito zamanja pansi pa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Mapepala amene anagawa ali ndi a Mlembi.

Chimene ndikufuna tikhalirepo pansi chinabwera titadya nkhomaliro. Mayi amene ankatsogolera gawolo anatiuza kuti aliyense atchule ntchito imene amaifuna. Manja anakwera ambiri: unamwino, uphunzitsi, uloya, kuwerengera ndalama. Kenaka anati atsale ndi dzanja m'mwamba okhawo amene anakhalapo pansi ndi munthu wogwira ntchitoyo n'kumufunsa mmene tsiku lake limayendera. Manja anagwa pafupifupi onse, langa lomwe. Ndakhala ndikunena kuyambira ku pulayimale kuti ndidzakhala namwino, makolo anga akusunga ndalama ya mbatatesi chifukwa cha mawu amenewo, koma za unamwino ndimadziwa yunifolomu yoyera ndi jekeseni basi.

Njira imene anatiphunzitsa pa Chingerezi amati informational interview. Kwathu kuno tingoti kucheza kofunsa za ntchito. Umapeza munthu amene akugwira ntchito imene ukuilingalira, umamupempha mphindi 20 kapena 30, umapita ndi mafunso ako olemba m'kope, umamvetsera, umathokoza, umabwerera. Pa intavyu ya ntchito wofunsidwa ndiwe. Apa wofunsa ndiwe. Ndipo lamulo lake lalikulu, limene anabwereza katatu konse, ndi lakuti supempha ntchito. CV imatsala kunyumba. Anati anthu apantchito mumzinda muno atopa ndi maenvulopu a khaki, chifukwa ambiri alibe mphamvu yolemba munthu ntchito, ndiye akangoona wachinyamata pakhomo amayamba kukonza mawu okanira. Koma ukawauza kuti wabwera kudzaphunzira za ntchito yawo, mtima umatsika, pakuti chimenecho ali nacho ndipo sichiwachotsera kanthu.

Kuti tione ndi maso, anaitana anthu atatu apantchito kutsogolo, ife n'kumawafunsa.

Woyamba anali namwino wa zaka zambiri m'wodi ya amayi oyembekezera. Mtsikana wina anawafunsa kuti chovuta kwambiri n'chiyani, ndipo sanayankhe za magazi monga tinkayembekezera. Anati ndi usiku: kugwira naiti masiku otsatizana, muli awiri okha m'wodi yodzaza, ana ako akugona ndi achibale kunyumba. Anatiuzanso chimene ambiri mwa ife sitinkadziwa, kuti kumaliza koleji sindiko kuyamba ntchito. Pamakhala mayeso a Nurses and Midwives Council, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, ndipo popanda chiphaso chawo suloledwa kugwira. Anasiyanitsa dipuloma ya zaka 3 imene makoleji a mishoni amapereka ndi digiri ya zaka 4 ya ku Mzuni kapena ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), n'kutilangiza kuti tidziwiretu chimene tikulowa tisanalipire fizi. Atafunsidwa ngati angaisankhenso ntchitoyo, anakhala chete kanthawi, kenaka anati inde, chifukwa cha amayi amene amawaimitsa pamsika n'kuwaonetsa mwana amene anamulandira m'manja. Ine zinandikhudza, koma ndinabwerako ndili ndi funso limene ndinalibe: kodi ine usiku ndingauthe?

Wachiwiri anali bambo wa zamagetsi amene anaphunzira kudzera ku TEVETA ndipo tsopano ali ndi kampani yakeyake yaing'ono. Iwowa anatiseketsa, koma zimene ananena n'zolemera. Kulumikiza mawaya anakuphunzira kusukulu. Chimene sanaphunzitsidwe ndi kulemba koteshoni, kulondola ngongole kwa kasitomala wozemba, ndi kusunga ndalama ya miyezi ya mvula pamene zomangamanga zimachepa. Anatchulanso chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, chimene wolowetsa magetsi m'nyumba amafunika kukhala nacho. Anyamata athu amene mukufuna zamagetsi, kuwotcherera ndi ukalipentala, bambo ngati amenewa ndiwo oyenera kuwapeza.

Wachitatu anali wa zankhalango, anakamba za moto wa ku Chikangawa m'miyezi yotentha ndi za koleji ya zankhalango ku Dedza, koma nthawi inali itatha ndipo sitinawafunse mokwanira.

Panabuka mtsutso umene ndikufuna muudziwe, chifukwa ndikudziwa udzabukanso pakati pathu. Mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti zonsezi ndi kusaka konekishoni basi, kungoti kwavekedwa suti, ndipo mwana wa mlimi amene alibe malume mu ofesi sangapindule nazo. Ambiri anaomba m'manja. Otsogolera sanakane kuti kukondera kulipo. Koma anati kukondera ndi kupatsidwa malo amene sukuyenera chifukwa cha wachibale, pamene apa ukungotenga chidziwitso chimene mwana wa bwana amachimva ulere pa tebulo la chakudya kunyumba kwawo. Anatchula katswiri wa ku America, Mark Granovetter, amene mu 1973 anaonetsa kuti anthu ambiri amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu, uthengawo anaumva kwa ongodziwana nawo patali, osati kwa anzawo apamtima, chifukwa anzako apamtima amadziwa zomwe iwenso ukudziwa kale. Ine ndili kumbali ya otsogolera. Mwana wa mlimi ndiye akufunika njira imeneyi koposa, chifukwa fizi yake imachokera ku thumba la chimanga, ndipo akalowa kosi yolakwika palibe thumba lachiwiri. Makolo anati safunsa anadya phula, koma phula lathu amatilipirira ndi amayi athu.

Ndiye anthuwo tiwapeza kuti? Apa ndi pamene ndinaona kuti njirayi siingayende kwathu monga imayendera kunja, kumene munthu amangolembera mlendo pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti la anthu apantchito. Kuno munthu wamkulu sumangomugwera. Umadzera mwa wina: mkulu wa mpingo, aphunzitsi ako akale, mayi a mvano, aneba amene mwana wawo amagwira ntchito kubanki. Iwowo ndiwo amakutsegulira khomo, iwe n'kutsatira ndi uthenga waufupi. Tinayeserera kulemba, ndipo wanga unali wotere: "Mayi, ndine wakutiwakuti wa ku Chibavi, nambala yanu andipatsa aphunzitsi anga akale. Ndamaliza Fomu 4 ndipo ndikulingalira za ntchito ngati yanu. Sindikupempha ntchito ayi. Ndimapempha ngati mungandipatse mphindi 20 tsiku limene inu mungamasuke, kuti ndimve mmene munayambira." Ndipo popeza tili ku Mzuzu, ngati munthuyo ndi wolankhula Chitumbuka, kuyamba ndi monile ndi kutsiriza ndi yewo chomene ndi ulemu umene sutilipiritsa kanthu, ngakhale Chitumbuka chathu chithere pomwepo.

Za mafunso, anati tisafunse zimene zili kale pa kapepala ka koleji. Tifunse zimene mwini ntchito yekha angadziwe: dzulo munafika nthawi yanji ndipo munayamba ndi chiyani, mutamaliza sukulu munakhala nthawi yaitali bwanji musanalembedwe, anzanu amene munaphunzira nawo ali kuti lero, n'chiyani chimene mukanakonda wina akanakuuzani musanayambe. Malipiro a munthu safunsidwa, koma ukhoza kufunsa ngati woyamba kumene amatha kulipira lendi mumzinda muno. Funso lotsekera ndi lakuti, kodi pali wina amene mungandilozere kuti ndikachezenso naye? Munthu mmodzi akhoza kukhala wokhumudwa ndi abwana ake kapena wokonda ntchito yake mopitirira, choncho pa ntchito imodzi timve kwa anthu angapo.

Atsikana anzanga, gawo ili ndi lathu. Mayi wina wachikulire anaimika zokambirana n'kunena zimene tonse tinkaziganiza koma osazitulutsa: alipo abambo amene mtsikana akawapempha uphungu amamva zina. Tinagwirizana kuti kucheza kotere kuzichitikira kuntchito kwa munthuyo kapena pamalo poonekera, masana, ndipo tizipita awiriawiri. Wina akati tikumane madzulo kumalo ogona alendo, kapena akayamba kulonjeza ntchito imene sunapemphe, kucheza kwathera pomwepo, ndipo amene anakulumikizitsani adziwitsidwe. Ndikupempha kuti limeneli likhale lamulo la gulu, lisakhale langizo chabe.

Sindinafune kukubweretserani chinthu chimene sindinachiyese. Lolemba ndinapita ku ofesi ina m'tauni popanda wonditumiza, ndipo alonda anandibweza pageti atangomva kuti ndilibe apointimenti. Sindikuwada, anachita ntchito yawo. Ndinabwerera kwa mkulu wa mpingo wathu, amene anandilumikiza ndi mayi wina woyeza madzi mu labotale. Lachitatu ndinapita ndi mnzanga mmodzi wa m'gulu lino. Tinapempha mphindi 20, ndipo zitakwana ndinaimirira kuti nditsazike monga anatiphunzitsira, koma mayiwo anatikhazikanso pansi. Anatifotokozera mmene madzi a ku damu la Lunyangwa amadera nthawi ya mvula, mmene amayezera kuti mankhwala a klorini asachepe kapena kuchuluka, ndi kuti madzi akalakwika, anthu ofika kuchipatala ndi matenda otsegula m'mimba amachuluka. Anati iwonso ankafuna unamwino, Biology ndi Chemistry anakhoza bwino, koma atapita kukadikirira m'bale wawo m'chipatala anazindikira kuti chimene amakonda ndi sayansi yake, osati wodi. Anatiuza kuti ku Mzuni kuli maphunziro a zamadzi, ndipo anatipatsa dzina la mnzawo wa ku labotale ya chipatala kuti tikamve mbali inayo. Madzulo omwewo ndinawatumizira uthenga wothokoza. Unamwino sindinausiye, koma tsopano ndili ndi ntchito ziwiri zoti ndiziyerekeze, ndipo imodzi sindinkadziwa n'komwe kuti iliko.

A Tcheyamani, pempho langa ku gulu ndi ili. Lamlungu aliyense abwere ndi mayina a anthu atatu apantchito amene iye kapena makolo ake amawadziwa, ndipo tisaiwale amakanika a ku Luwinga, atelala, a kopaletivu ya khofi, oyendetsa malole ndi ogwira ntchito m'mahotela. Mayinawo akhale m'kope la a Mlembi, osati pa WhatsApp, ndipo nambala ya munthu isaperekedwe mwini wake asanavomere. Tisatumize anthu khumi kwa namwino mmodzi. Awiri apite, adzatifotokozere tonse. Za ndalama ya mayendedwe a awiriawiriwo ndasiyira a Msungichuma kuti atiuze ngati thumba lingakwanitse.

Bambo wa zamagetsi uja anavomera kubwera kudzacheza nafe Loweruka lililonse masana, bola tiwauziretu kutatsala sabata imodzi. Nambala yawo ndili nayo, ndikudikira kuti komiti indiuze tsiku.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu