Amene akuti ndalama zawo zikuteteza nyengo asamadziyeze okha pa sikelo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere, ya ndalama zomwe anthu akunja akuthira m'makampani ongoyamba kumene ati pofuna kulimbana ndi kusintha kwa nyengo. Ma investor amenewa amawatchula kuti a venture capital, amasonkhanitsa ndalama kwa anthu olemera, ma penshoni fandi ndi mabanki a zachitukuko nkumagula gawo mu ma startup, makampani ongoyamba kumene aja, kenako amadikira zaka ngati 10 kuti kampani ikakula adzagulitse gawo lawolo ndi phindu. Pamenepo ine ndilibe vuto, geni ndi geni. Pomwe pakundiwawa mpakuti masiku ano ambiri mwa iwo akumalengeza kuti ndalama zawo zachepetsa mpweya woononga matani akutiakuti, nde ukafunsa kuti wawerenga matani amenewo ndani, nthawi zambiri upeza kuti ndi eni ake omwewo, kapena munthu amene eni akewo amulipira.

Aliyense amene anagulitsapo soya kapena nandolo kwa venda akudziwa momwe zimawawira, venda wabwera ndi sikelo yake, wayeza yekha, wawerenga yekha, iwe ungoima poteropo thumba ukulidziwa bwinobwino kuti ndi la 50 kg koma akukuuza 44. Mpake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo. Tsono soya amaoneka ndi maso, utha kukamuyezanso kwina, nanga mpweya woti akuti sunatuluke ukauyeza pa sikelo iti?

Taonani Breakthrough Energy Ventures yomwe anayambitsa a Bill Gates. Lamulo lawo nlakuti amaika ndalama pa kampani yokhayo yomwe ili ndi kuthekera kochepetsa matani 500 miliyoni a mpweya pa chaka. Cholingacho nchabwino ndithu, koma mawu oti kuthekera amenewo ndi za mtsogolo, kampani yambiri yongoyamba imakhala isanagulitse kanthu kokwanira, nambala imachokera pa kompyuta poganizira kuti makasitomala adzakhala angati mzaka 20 zikubwerazi. Ndipo woyendetsa fandi aliyense amafuna manambala okongola chifukwa ndi omwe amakaonetsa akamakapempha ndalama za fandi yotsatira. Munthu sangadzidule yekha chala chomwe akudyera.

Wina anganene kuti izi nza ku America sizitikhudza, ayi zinafika mpaka m'makhitchini mwathu muno. Mu Okutobala 2024 oimira boma la America pa milandu ku New York anatsegulira mlandu wachinyengo a Kenneth Newcombe, omwe anali mkulu wa C-Quest Capital, kampani yomwe inkagawa mbaula zosadya nkhuni zambiri m'midzi ya ku Malawi, Zambia ndi maiko ena nkumagulitsa ma carbon credit, ziphaso zoti mpweya woononga wachepetsedwa matani akutiakuti, zomwe makampani otulutsa utsi amagula. Mlanduwo ukuti kafukufuku ataonetsa kuti mbaulazo sizikupulumutsa nkhuni zochuluka ngati momwe ankayembekezera, manambala anawasintha, ndipo ndi manambala otero kampani inakopa ndalama za investor zofika madola 250 miliyoni. A Newcombe anakana mlanduwo, koma mnzawo wina wa udindo waukulu pakampanipo, Jason Steele, anavomera. Bungwe la Verra lomwe limavomereza ma credit amenewa linafafaniza ma credit opitirira 5 miliyoni, ndipo a Newcombe omwewo anakhalapo mu bodi ya Verra. Chomwe chimandikhudza kwambiri nchakuti nkhaniyi inatuluka chifukwa kampaniyo inakadziulula yokha kwa akuluakulu a boma la America, pomwe mapepala anali atadutsa kale m'manja mwa ma odita nkupatsidwa chidindo.

Si kampani imodzi yokha ayi. Mu Januwale 2024 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley anapeza kuti ma projekiti a mbaula omwe anawaunika amalandira ma credit ochuluka pafupifupi ka 9 kuposa mpweya womwe amachepetsadi.

Ine izi ndinaziona ndi maso kumudzi kwa azakhali anga, ndi bungwe lina losiyana ndi ndatchulali, dzina lake lisiyeni. Anyamata anabwera ndi matabuleti, anamanga mbaula ya njerwa pakona pa khitchini, anajambula chithunzi azakhali ataima pambali pake, kulemba nambala basi nkumapita. Patapita miyezi mbaula ija inang'aluka, komanso poto wawo wamkulu wophikira nsima ya anthu 9 samakhazikika bwino pamenepo, nde anabwerera pa mafuwa atatu. Nditapitako ndinapeza pambaula paja aikapo dengu la nkhuku yofungatira. Ndinawafunsa kuti azakhali, anyamata aja anabweranso? Akuti mwanangu anabwera kamodzi, anandifunsa ngati ndimaphikirapo tsiku lililonse ndiye ndinati eya, ungamuyankhe bwanji mlendo woti anakupatsa chinthu chaulere. Azakhali sananame mwa nkhanza, ndi ulemu wathu uja, koma eya ameneyo akalowa mu tabuleti amasanduka matani, matani nkusanduka madola, ndipo kampani ina kutali uko imagula nkupitiriza kutulutsa utsi ili ndi mtima woyera kuti yalipira. Ife amene tinaika maliro a namondwe Freddy mu Malichi 2023, anthu opitirira 1,000, sitingaitenge nkhani imeneyi ngati ya mapepala chabe.

Sikuti palibe amene akuyesetsa. Mu 2019 bungwe la IFC la World Bank linakhazikitsa mfundo 9 zoti ma investor onena kuti ndalama zawo zikuthandiza anthu ndi chilengedwe azitsatira, ndipo mfundo ya nambala 9 imati pazikhala wina wapadera wotsimikizira. Koma kusaina nkofuna wekha, ndiponso wotsimikizirayo amaona ngati ndondomeko zako zoyendetsera ntchito zili bwino, sapita kukayeza nkhuni pakhomo pa azakhali. Choipitsitsa, amene amasankha odita ndi kumulipira ndi yemwe akuunikidwayo. Odita wovuta chaka chamawa samuitananso, izi aliyense akuzidziwa.

Nde pempho langa likupita ku unduna woona zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo komanso aphungu athu. Kampani iliyonse yomwe ikukopa ndalama kunja ponena kuti ikuchepetsa mpweya kudzera mwa Amalawi, kaya ndi ya mbaula, ya sola kapena yobzala mitengo, iziponya ndalama ya kawuniwuni mu thumba limodzi, ndipo thumbalo ndi lomwe lizisankha ndi kulipira woyeza, kampani isamadziwe kuti abwera ndani ndipo abwera liti. Anthu oyeza tili nawo, ku LUANAR, ku MUBAS, ku MUST kuli ana athu ophunzira bwino omwe atha kukhala pamudzi masiku angapo ndi sikelo nkumayeza mtolo wa nkhuni m'mawa ndi madzulo, osati kungofunsa funso loti mayi ayankhe eya. Zomwe apeza zizilembedwanso m'Chichewa nkukamatidwa kwa a mfumu ndi ku ofesi ya DC, kuti mayi amene dzina lake lili mu tabuleti adziwe kuti khitchini yake yalembedwa matani angati, yagulitsidwa ndalama zingati, ndipo akaona kuti nzabodza akhale ndi nambala ya foni yoimbako.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe