Kalata kwa achemwali ku Johannesburg

Okondedwa achemwali,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Kuno ku Nkhoma tili bwino, mvula ikugwa mosalekeza, chimanga chafika m'chiuno ndipo anthu ali kalikiliki kubandira. Amayi anu ndinawaona Lamulungu potuluka m'tchalitchi, ali bwino ndithu. Za matenda anu sindinawauze, monga munandipempha.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp uja wandisowetsa tulo. Si TB imene yandiopsa ayi, chifuwa chachikulu chimachizika, ndipo mankhwala ake kumeneko akukupatsani ulere ngati kuno komwe. Chandiopsa ndi mawu a abusa a kumene mukupempherako, akuti mulowe nawo masiku 21 osala kudya a mu Januwale, mankhwala muyambe mwaika pambali kuti Mulungu aone chikhulupiriro chanu. Achemwali, ndikulankhulani mosapsatira: musatero.

Mwanena kuti mukupezako bwino, thukuta la usiku latha, chifuwa chachepa. Ndi momwe amachitira mankhwala amenewa, pakangotha milungu iwiri kapena itatu munthu amayamba kudzimva wamphamvu. Koma tizilombo timakhala tilipobe. N'chifukwa chake anaika miyezi 6: iwiri yoyambayo mumamwa mankhwala a mitundu inayi yophatikizidwa m'mapiritsi amodzimodziwo, inayi yotsalayo mitundu iwiri. Zili ngati nansongole m'munda, ukangodula pamwamba mizu n'kuisiya, amaphuka wochuluka kuposa kale. Mukalekeza panjira, tizilombo totsalato tikhoza kuzolowera mankhwala, n'kusanduka TB yosamva mankhwala ija amati MDR. Imeneyo ndiye yovuta kuchiza, mapiritsi ake ndi ena, thupi limazunzika kwambiri, ndipo mukhoza kupatsira mtundu womwewo anzanu amene mukugona nawo chipinda chimodzi.

Tsono tibwere ku Mawu, poti ndikudziwa kuti apa ndi pamene mtima wanu wagwidwa. Mukuopa kuti kumeza piritsi ndiko kumuuza Mulungu kuti simukumudalira. Katsegulenitu Yesaya 38. Mfumu Hezekiya inadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, inatembenukira kukhoma n'kulira kwa Yehova. Mulungu anamva, namuwonjezera zaka 15. Koma mneneri Yesaya yemweyo, amene anabweretsa uthenga wa machiritso, analamula kuti atenge nkhuyu aziike pachithupsacho. Lonjezo linali litaperekedwa kale, komabe nkhuyu anaika. Kodi Yesaya chikhulupiriro chinamuchepera?

Nanga Eliya? Mu 1 Mafumu 19 munthu wa Mulungu anatopa, nagona pansi pa mtengo n'kupempha imfa. Mngelo sanamupatse pulogalamu ya kusala. Anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adyenso, poti ulendo unali wautali. Ine ndime imeneyi ndimaikonda kuposa zambiri, chifukwa Mulungu akuoneka akusamala za mimba ya munthu wofooka. Paulo naye anamulangiza Timoteo za m'mimba mwake ndi kudwaladwala kwake, ndipo Luka anamutchula kuti sing'anga wokondedwa. Ndipo paja amene ananena kuti dzigwetse pansi, angelo akugwira, anali Satana pamwamba pa Kachisi. Yesu anakana kumuyesa Mulungu.

Abusa anuwo sindikuwanyoza, mwina akunena ndi mtima wabwino. Koma iwo akadzathyoka mwendo adzapita kukaikitsa pulasitala, sadzadikira masiku 21. Inu ndi ine tinakulira pafupi ndi chipatala cha Nkhoma, chimene anamanga ndi amishoni zaka zoposa 100 zapitazo. Anthu amene anatibweretsera Baibulo ndi omwewo anamanga mawodi. Ku Malamulo, ku Ekwendeni, ku Likuni, nkhani yake ndi yomweyo, mipingo yosiyanasiyana koma onse anaona kuti tchalitchi ndi chipatala ziyendere limodzi.

Ngati mtima ukufunitsitsa kusala, salani zina. Siyani foni madzulo, muwerenge Masalimo. Dzukani m'mamawa kupemphera, ndipo nthawi yomweyo ikhale yomwera mankhwala kuti musaiwale. Ife a Chigwirizano cha Amayi kuno tikusalirani ndife, athanzife, Lachinayi lililonse. Ndawauza amayi anzanga a Chigwirizano kuti pali mlongo wathu akudwala kutali, dzina sindinatchule.

Inu ntchito yanu ndi kudya. Mwati mwaonda mpaka siketi ikuvuka, ndiye phala la mgaiwa lothira chiponde lisasowe, mazira, nyemba, mkaka, masamba, chilichonse chimene thumba lingakwanitse. Ngakhale chilakolako chitasowa, idyani pang'onopang'ono kangapo patsiku. Mkodzo ukafiira musadabwe, ndi mankhwalawo. Mapazi akayamba kuchita dzanzi kapena kutentha, kauzeni anamwino, pali vitamini B6 amene amapereka. Koma maso akasanduka achikasu, kapena mukayamba kusanza kosalekeza, musadikire tsiku lanu, pitani tsiku lomwelo. Akakuuzani zoyezetsanso magazi musachite manyazi, amatero ndi aliyense wa TB, ndipo chilichonse chimene angapeze chili ndi thandizo lake. Mazenera a chipinda chanucho muzitsegula, mphepo iziyenda.

Za ntchito ndamva nkhawa yanu, kuti mabwana akadziwa angakuchotseni. Pemphani kalata ku kiliniki yonena kuti muli pa mankhwala, anamwino akuuzaninso nthawi imene simungapatsirenso ena. Ndalama za feteleza wa amayi mwezi uno musavutike nazo, ine ndi bambo a kunyumba takambirana kale, tiwapatsa thumba limodzi mudzabweza mukachira.

Ndakonza kaphukusi ka usipa, ufa wa mtedza ndi chiponde chosinja ndekha. Ndipatsira mwana wa alamu anga amene akukwera basi yodzera ku Mwanza sabata yamawa, ndikutumizirani nambala yake akanyamuka. Inu munditumizire chithunzi cha khadi lanu la ku kiliniki, ndione tsiku lokatenga mankhwala ena, ndidzakuimbireni dzulo lake.

Ndine mnzanu wa ku Chigwirizano.