Kalata kwa mwana wanga: za pogona pa mphaka wa pakhomo pako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Blantyre kumeneko, iwe, amuna ako ndi mdzukulu wanga. Kuno tadzuka bwino, ndipo bambo ako akupereka moni. Nkhani imene tinaiyamba pa lamya ija ndaona kuti ndiilembe, kuti uiwerenge modekha ndi kuwapatsanso amuna ako aione. Unandiuza kuti mwana akudzuka ndi totupa toyabwa m'miyendo, kuti mphaka akungodzikanda usana ndi usiku, ndiponso kuti mwayamba kuganiza zomuthamangitsa kapena zomuthira mankhwala amphamvu. Ndikukupemphani kuti musachite chilichonse mwa ziwirizi musanayang'anitsitse pamene mphakayo amagona, chifukwa gwero la vuto lanu lili pamenepo.

Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, ndipo nthawi zambiri amabwerera pamalo amodzimodzi. Utitiri umene umauona ukuthamanga mu ubweya wake ndi gawo lochepa chabe la umene uli m'nyumbamo. Madokotala a ziweto amanena kuti pa utitiri 100 uliwonse, pafupifupi 5 wokha ndiwo umakhala pathupi pa chiweto, pamene wotsalawo umakhala udakali mazira, timphutsi ndi tizikwa tobisala pansi ndi m'nsalu. Utitiri umodzi waukazi ukhoza kuikira mazira ofika 50 pa tsiku, ndipo mazirawo ndi osalala, samatirira ku ubweya, kotero amayoyokera pamene mphakayo wagona. Pasanathe masiku 10 amaswa timphutsi todana ndi kuwala, timene timalowa m'misoko ya nsalu, pansi pa mkeka ndi m'ming'alu ya simenti, n'kumadya zitosi za utitiri waukulu zimene zimagwera pomwepo. Tikakhuta timadzikulunga m'tizikwa, ndipo m'menemo utitiri ukhoza kudikira miyezi ingapo mpaka utamva kutentha kwa thupi kapena kugwedezeka kwa pansi. Mwana amene amasewera pansi, monga amachitira mdzukulu wangayo, ndiye amayamba kulumidwa. Ukathamangitsa mphaka lero, utitiri wobisalawo udzatulukabe, ndipo posowa mphaka udzatembenukira kwa inu eni nyumba, makoswe nawonso n'kubwerera.

Kuti utsimikize, tenga nsalu imene mphakayo amagonera, uikutumulire pa pepala loyera lonyowa pang'ono. Ukaona timadontho takuda tikusungunuka n'kusanduka tofiira, dziwa kuti ndi zitosi za utitiri, pakuti zitosizo ndi magazi a mphaka ouma.

Choyamba kukonza ndi pogona penipenipo. Ndamva kuti munamuikira chidutswa cha siponji ya matiresi akale, ndipo ndikudziwa kuti munachita zimenezi pomufunira zabwino, koma siponjiyo uichotse ndi kukaitaya kutali. Siponji imamwa chinyezi ndi fungo, siuma msanga m'kati, ndipo palibe kachapidwe kamene kangatulutse zonse zimene zalowamo. Pogona pabwino pa mphaka ndi pamene ungathe kupasula, kuchapa ndi kuumitsa tsiku limodzi. Katoni yolimba kapena beseni lakale la pulasitiki n'lokwanira, n'kuyalamo chitenje chakale kapena thaulo lopindidwa kangapo. Ine ndimakonda katoni chifukwa ikada kapena ikanyowa umangoitentha n'kupeza ina popanda kudandaula za ndalama, pamene beseni lili ndi ubwino wake woti limatsukika ndi madzi otentha. Dengu ndi lokongola m'maso, koma mipata ya nsungwi zake imasunga mazira ambiri, choncho sindikulimbikitsa panthawi ino imene muli pa nkhondo ndi utitiri.

Nsalu zoyala zikhale zitatu, osati imodzi, ndipo chifukwa chake n'chakuti mphaka amadziwa malo ake ndi fungo. Akamakhuza masaya ake pa nsalu kapena pa mwendo wa mpando amakhala akusiyapo fungo lake, ndipo fungo limenelo ndilo limamukhazika mtima pansi. Ukachapa zonse nthawi imodzi n'kumuyalira zonunkhira sopo yekhayekha, akhoza kuzikana n'kukadzipezera malo pa bedi la mwana kapena m'dengu la zovala zanu, ndiye kuti vuto walisamutsira pamalo oipa koposa. Uziyala ziwiri, yapansi ndi yapamwamba. Tsiku lochapa uzichotsa yapamwamba, yapansi ija uikutumule bwino panja n'kuibwezera pamwamba, ndipo yochapa kale ilowe pansi. Mwa njira imeneyi nsalu iliyonse imachapidwa pa nthawi yake, mphaka osataya fungo la malo ake. Koma m'masabata oyambirira ano, pamene utitiri wachuluka, uzichapa zonse ziwiri, n'kungopukuta masaya a mphakayo ndi nsalu yoyerayo usanaiyale kuti itengeko fungo lake.

Kachapidwe kake ndi aka. Pa nthawi yabwinobwino uzichapa kamodzi pa sabata, koma panopa uzichapa kawiri. Pochotsa nsaluyo usaikutumulire m'nyumba, koma uipinde m'mbali zonse kuti zimene zili m'katimo zisagwe, n'kupita nayo panja, kutali ndi pamene mwana amasewera. Ubweya womatirira uuchotse ndi dzanja lonyowa kapena burashi yakale. Kenaka uike nsaluyo m'beseni lake lokha, losachapiramo matewera kapena zovala za mwana, uthirepo madzi owira kumene mpaka imire, ndipo uisiye mpaka madziwo atazizira moti n'kupisamo dzanja. Kutentha kwa madigiri 60 kumapha utitiri pamodzi ndi mazira ndi timphutsi take, ndipo madzi ochokera pamoto amapitirira pamenepo. Sopo wamba wochapira ndi wokwanira, koma utsukuluze mpaka thovu litatheratu, chifukwa mphaka amanyambita ubweya wake tsiku lonse, ndipo chilichonse chotsalira pa nsalu chimathera m'mimba mwake. Mankhwala onunkhiritsa ndi ofewetsa zovala usaikemo.

Poyanika, uyanike pa chingwe pamene dzuwa likuomba kwambiri, osati pa udzu, pa mpanda wa maluwa kapena pamthunzi. Ukudziwa ntchentche zija zimene zimaikira mazira pa zovala zonyowa ndi pa dothi la mkodzo, mphutsi zake n'kulowa pakhungu la munthu n'kutupitsa chithupsa. Mphutsi zimenezi zimalowanso agalu ndi amphaka, makamaka m'nyengo ya dzinja. Ndiye monga mmene umasitira zovala za mwana, nsalu za mphaka nazonso uzizisita ndi nsimbi yotentha bwino, mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Ena adzakuseka kuti ukusitira mphaka, koma usawamvere, pakuti nsimbiyo ikuteteza mwana wako. Kumeneko kwanu chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi zovala zimatha masiku zisanaume, ndipo apa m'pamene nsalu yachitatu ija imathandiza. Usamuyalire mphaka nsalu yachinyezi, chifukwa imachita chuku, ndipo timphutsi ta utitiri timakula bwino m'malo achinyezi.

Tsopano ndifike pa chimene chandidetsa nkhawa kwambiri, chomwe ndi mankhwala. Ife anthu tikamva za majeremusi timathamangira Dettol kapena Jeyes Fluid, poganiza kuti chimene chimayeretsa bafa chiyeretsanso pogona pa chiweto. Mankhwala onse amene amasandutsa madzi kukhala oyera mbuu ukawathira ali m'gulu limene chiwindi cha mphaka chimalephera kusungunula ndi kutulutsa m'thupi. Mphaka akagona pa nsalu yonyikidwa m'menemo, kapena akaponda pansi ponyowa n'kunyambita mapazi, amapsa m'kamwa, amatuluka dovu, ndipo akhoza kufa. Choopsa china ndi mankhwala otchedwa permethrin, amene amapezeka m'mankhwala ambiri ophera utitiri wa agalu ndiponso mu ufa wa Actellic Super umene timathira m'chimanga. Pali anthu amene amawaza ufa umenewu pogona ziweto, ndipo ena amasambitsa mphaka ndi dibi wa ng'ombe. Galu akhoza kupirira permethrin, koma mphaka amayamba kunjenjemera, kuphupha ndi kukomoka pakangopita maola ochepa. Uwauze amuna ako momveka bwino kuti zimenezi zisayandikire mphakayo ngakhale pang'ono, ndipo pogona pake pasakhale m'chipinda chosungiramo matumba a chimanga chothira mankhwala. Ndiwonjezepo kuti mphaka akaoneka wofooka musamupatse Panado, chifukwa mbulu umodzi wokha ndi wokwanira kumupha.

Ngati pakufunika mankhwala otsukira beseni kapena pansi pozungulira, Jik wosungunula ndiye ungagwiritse ntchito, kapu imodzi pa makapu 10 a madzi. Uyambe watsuka malowo ndi sopo, chifukwa Jik akakumana ndi mkodzo amatulutsa mpweya woipa, kenaka upake, udikire mphindi 10, utsukuluze ndi madzi oyera, ndipo mphaka asalowemo mpaka pataumiratu.

Jik ameneyu amafunika makamaka pa nkhani ya chipere. Uyang'ane bwino kumaso, kumakutu ndi kumiyendo yakutsogolo ya mphakayo ngati pali malo ozungulira othothoka ubweya, ngakhale kuti amphaka ena amanyamula nthendayi popanda chizindikiro chooneka. Mbewu za chipere zimakhala pa ubweya wothothoka, ndipo zikhoza kukhala zamoyo m'nsalu ndi m'fumbi kopitirira chaka. Ana aang'ono ndiwo amatenga msanga, kawirikawiri m'mutu, ndipo chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha, chimafuna akumwa ochokera kuchipatala. Ukaona chizindikiro chotere pa mphaka, katoni uitenthe, nsalu uzichape kawiri motsatizana, ndipo mwana asamunyamule mpaka ataonedwa ndi dokotala wa ziweto. Uziyang'ananso pa nsaluyo ngati pali tinthu toyera tonga njere za mpunga. Timeneto ndi tizidutswa ta njoka za m'mimba zimene mphaka amatenga akameza utitiri podzinyambita, ndipo mwana wamng'ono naye akhoza kuzitenga atameza utitiri mwangozi.

Popeza ndiwe woyembekezera, pali ntchito imodzi imene ndikufuna uwasiyire amuna ako kapena wina wamkulu pakhomopo, yomwe ndi kuola chimbudzi cha mphaka. M'chimbudzi chimenechi mumatha kukhala tizilombo toyambitsa nthenda ya toxoplasmosis, imene munthu wamkulu wathanzi mwina sangaimve n'komwe, koma imatha kuvulaza maso ndi ubongo wa mwana ali m'mimba. Tizilomboti timayamba kupatsirana pakapita tsiku limodzi mpaka masiku 5 chimbudzicho chitatuluka, choncho chiziwoledwa tsiku lomwelo ndi kukwiriridwa mozama. Zikavuta kuti palibe wina, uvale magolovesi kapena jumbo m'manja, n'kusamba ndi sopo ukamaliza. Mphaka wathanzi sadziipitsira pogona pake, ndiye ukapeza mkodzo kapena chimbudzi pa nsalu yake usamumenye, chifukwa kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro chakuti akudwala kapena china chake chikumuopsa. Sindikunena kuti uzimuopa mphakayo kapena uleke kumusisita, koma kuti uzisamba m'manja usanagwire chakudya.

Malo oika katoniyo akhale ouma, opanda phokoso, otalikirana ndi mbale zanu ndi pamene mumaphikira, ndiponso kutali ndi pamene mphakayo amadzithandizira. Uikweze pa thabwa kapena pa kampando kuti isamamwe chinyezi cha simenti, pakuti amphaka amakondanso malo okwera. Kuchipinda kwa mwana kuzikhala kotseka, ndipo khanda likadzabadwa lamulo limeneli lidzakhwime koposa. Tsiku lililonse uzisesa mozungulira pogonapo, kulowetsa tsache m'makona ndi m'ming'alu, ndipo zinyalalazo uzitenthe m'malo mozitaya kuseri kwa nyumba kumene mphaka akagonenso masana. Mipando ya nsalu ndi mkeka umene amakonda kukhalapo uziutulutsa padzuwa ndi kuukuntha. Ming'alu ikuluikulu ya pansi amuna ako aimate ndi simenti.

Zonsezi ziyendere limodzi ndi kuchiza mphaka mwiniwakeyo, chifukwa utitiri waukulu umene uli pathupi pake upitiriza kuikira mazira pa nsalu zoyera zomwezo. Mupite naye ku BSPCA, bungwe losamalira ziweto la ku Blantyre komweko, kapena ku ofesi ya boma yoona za ziweto, mukapemphe mankhwala a utitiri ndi a njoka za m'mimba olembedwa kuti ndi a amphaka, oyenerana ndi kulemera kwake, ndipo mukafunsenso ngati katemera wake wa chiwewe sanathe mphamvu. Ngati pakhomopo pali galu, naye achizidwe nthawi yomweyo ndi mankhwala osaopsa kwa mphaka. Musadabwe mukaona utitiri wina ukutulukabe patapita masabata angapo, chifukwa wa m'tizikwa uja mankhwala saufikira mosavuta ndipo umatuluka pang'onopang'ono. Mupitirize kuchapa, kusita ndi kusesa kwa miyezi itatu osadukiza, ndipo mukatero mudzabwerere ku kuchapa kamodzi pa sabata. Totupa ta mwanato uzititsuka ndi sopo, umuwenge zikhadabo kuti asadzikande mpaka zilonda, ndipo tikayamba kutuluka mafinya kapena akatentha thupi, upite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndakusungira zitenje zitatu zakale za thonje zimene zimapirira madzi otentha, ndipo ndidzakutumizira ndi mlongo wako akamabwera kumeneko kumapeto kwa mwezi. Undidziwitse zimene upeze pa pepala lonyowa lija ndi zimene akanene a zaziweto. Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako.

Ndine,
Mayi ako