Anyamata, musathamangire sikopu ya nambala yaikulu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anyamata a muno mu Lilongwe amene ayamba kukonda mfuti. Ambiri akumaonera pafoni alenje a ku America akusaka agwape, kenaka n'kuitanitsa pa intaneti sikopu, galasi loonera patali limene amamangirira pamwamba pa mfuti, ndipo aliyense akufuna ya nambala yaikulu. Mwana wa mchemwali wanga anabwera ndi yolembedwa 6-24x50, akuti ndiyo yeniyeni. Ine ndinagwira ntchito yolondera nyama kutchire mpaka kupuma, ndipo ndikunena mosapsatira kuti sikopu yotere ndi ya pachandamale. Mukalowa nayo m'tchire mutha kupha munthu.

Tiyambe ndi manambalawo. Sikopu yolembedwa 3-9x40 imakuza chinthu kuyambira ka 3 mpaka ka 9, ndipo 40 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Imeneyi ndi imene alenje ambiri a agwape ku America komweko akhala akuidalira kwa zaka zambiri, chifukwa m'nkhalango nyama amaiwombera ili pafupi, kawirikawiri osapitirira mamita 200. Pamtunda wotere kukuza ka 4 kapena ka 6 n'kokwanira ndithu.

Chimene wogulitsa sakuuzani n'chakuti mukamakuza, malo amene diso likuona amachepa. Pa mamita 100, sikopu ya 3-9x40 ikakhala pa 3 mumaona malo otambasuka mamita 11 kapena 12. Mukaipotokola kufika pa 9 amatsala mamita anayi okha. Ya 6-24x50 ija ikakhala pa 24 safika ndi awiri omwe. Tsono taganizirani tchire lathu la mitengo ya mombo ndi masuku, udzu utatalika mvula itangotha. Mbawala imatulukira pafupi, n'kuima pang'ono, n'kudumpha. Munthu wa 24 amangoona ubweya ndi masamba zitadzaza galasi, osadziwa ngati ndi phewa kapena ntchafu. Akaomba amathyola nyama mwendo, n'kukafera kutali patapita masiku, mabala atachita mphutsi. Ndinaziona nyama zotere, ndipo sindifuna kuzionanso.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi cha kuseri kwa nyamayo. Kuno tchire silikhala lopanda munthu. Pitani cha ku Dzalanyama m'mawa: amayi akutola nkhuni, ana akuzula bowa, wina akudyetsa ng'ombe, wina akukankha njinga ya makala. Chipolopolo cha mfuti yaikulu chikaphonya chimauluka makilomita angapo. Amene waika diso m'galasi lokuza ka 24 ali ngati munthu wosuzumira kunja kudzera pabowo la kiyi: mayi amene wawerama ndi mtolo wake pambali pang'ono sangamuone. N'chifukwa chake mlenje wodziwa amayenda sikopu ili pa nambala yotsikitsitsa, ndipo amakweza pokhapokha nyama itaima patali, iye ataonetsetsa kale ndi maso ake kuti kuseri kuli chulu kapena mtunda woti ugwire chipolopolo. Ndiponso sikopu si yofufuzira kuti chikugwedeza udzu n'chiyani. Ntchito imeneyo ndi ya mabainokula, chifukwa kumene yaloza sikopu ndi kumene yalozanso mfuti.

Palinso za kuwala. Nyama zimayenda mbandakucha ndi chisisira. Mukagawa kukula kwa galasi ndi nambala yokuzira mumapeza kukula kwa kadontho ka kuwala kofika m'diso: 40 kugawa ndi 5 ndi mamilimita 8, pamene 50 kugawa ndi 24 ndi awiri okha. Diso la mnyamata limatseguka mpaka mamilimita 7 kukada, la ife achikulire mwina 5. Ndiye pa 24 dzuwa likangolowa m'galasi mumachita mdima. Alenje a ku Germany amene amadikirira nyama madzulo anazolowera 8x56 pa chifukwa chomwechi: 56 kugawa ndi 8 ndi 7.

Pachandamale nkhani imasintha. Pepala silithawa, mfuti yatsamira pathumba la mchenga, kuseri kuli chimulu cha dothi, ndipo mukufuna kuona kabowo kamene chipolopolo chaboola popanda kunyamuka. Apo 6-24x50 ili pamalo pake. Komabe yesani masana mu Okutobala, nthaka itatentha: mpweya umavinavina m'galasi mpaka chandamale kuoneka ngati chikusambira, ndipo mumakakamizika kutsitsa kufika pa 12 kapena 14. Kugunda kwa mtima wanu nakonso kumaonekera, kamtanda kolozera ka m'galasi n'kumadumphadumpha. Galasi limakuza kunjenjemera kwa manja pamodzi ndi chandamale. Pa masewero a Olimpiki, owombera mfuti ya mpweya pa mamita 10 amalasa kadontho ka theka la milimita popanda sikopu n'komwe. Luso lili m'kapumidwe ndi m'chala.

Inu a mfuti za mpweya za sipuling'i, funsani ngati sikopuyo inapangidwira mfuti zotero, chifukwa zimagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo ndipo zimaononga masikopu wamba. Pa mfuti yaikulu siyani mpata wa zala zinayi pakati pa diso ndi galasi, apo ayi ikakankha idzakutemani pachikope.

Zimene mukuona pafonizo ndi za dziko la eni, ndi nyengo zawo zosaka ndi ziphaso zawo. Kuno mfuti imafuna chilolezo cha apolisi, ndipo kusaka kumafuna chiphaso cha Dipatimenti ya Malo Osungira Nyama Zakutchire. Lamulo la nyama linakhwimitsidwa mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Ku Kasungu kapena ku Nkhotakota mukapita, nyamulani kamera. Amene muli ndi ziphaso zonse ndipo mukufuna sikopu imodzi yogwira ntchito ziwirizi, kusaka ndi kuwombera chandamale, gulani 3-9x40 kapena 2-7x32 ya galasi loyera bwino, ndalama yotsalayo mugulire mabainokula ndi zipolopolo zophunzirira.

Mlonda wa nyama wopuma,
Area 25, Lilongwe