Kalata kwa Makolo Potseka Teremu: Utsi ndi Chifuwa cha Ana Athu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Pamene tikutseka teremu ino, ndaona kuti ndikulembereni za nkhani imodzi yokha, pakuti ana ambiri amene anajomba, makamaka a m'makalasi oyambirira, anajomba chifukwa cha chifuwa, chimfine ndi kubanika. Ambiri mwa matendawa amayamba ndi tizilombo, koma mpweya umene ana a m'tauni amapuma ndiwo umachititsa kuti tizilomboto tipeze thupi lofooka kale.

Utsi wa magalimoto a dizilo, wa makala, wa nkhuni ndi wa zinyalala zotenthedwa umakhala ndi mwaye, tinthu ta kaboni ting'onoting'ono timene akatswiri amatiika m'gulu la PM2.5. Fumbi wamba limatsalira m'mphuno, pamene mwaye umatsika mpaka pansi pa mapapo, komwe kuli maselo amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo. Maselowa akadzaza mwaye amalephera ntchito yawo, njira za mpweya zimatupa, ndipo chimfine chimene chikanatha chokha chimatha kusanduka chibayo. Mu 2006, ofufuza a ku Leicester ku England anapima makhololo a ana ooneka athanzi, napeza kuti mapapo a ana amene maselo awo anali ndi kaboni wambiri ankagwira ntchito moperewera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2018 kuti ana 93 mwa 100 alionse padziko lapansi amapuma mpweya woipa, ndiponso kuti mu 2016 ana pafupifupi 600,000 anamwalira ndi matenda a m'mapapo obwera chifukwa cha mpweyawo.

Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, mapapo ake akadakula, ndipo chifukwa cha msinkhu, mphuno yake imakhala pafupi ndi paipi yotulutsa utsi wa galimoto. N'chifukwa chake kuyambira teremu ikubwerayi zinyalala sizidzatenthedwanso pasukulu pano, ndipo tikupempha aliyense wodzasiya kapena kudzatenga mwana kuti azizimitsa injini akaima pageti. Ena adzati mphindi zochepazo zilibe kanthu, koma imeneyo ndiyo nthawi imene ana onse amaunjikana pamalo amodzi.

Patchuthichi, musalole ana kukhala m'chipinda chophikira chopanda potulukira utsi, kapena kusewera pafupi ndi moto wa mapulasitiki ndi matayala. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamatsokomola n'kumapuma maulendo 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati akamakoka mpweya, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone mmene kuchere.

Amene ana anu ali ndi mphumu, mudzawadziwitse aphunzitsi awo tsiku lotsegulira, ndipo mwanayo azibwera ndi mankhwala ake opopera.

Ndikufunirani tchuthi chabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu